Masiku Khumi ndi Limodzi ku Luwinga

Giyabokosi inathyoka Lachiwiri
titangolowa Luwinga, matabwa a ku Chikangawa ali kumsana.
Bwana pa foni: dikirani, chitsulo chichokera kunja.
Basi lole inasanduka nyumba,
chipinda pampando, khitchini pansi pa ngolo,
bafa kuseri kwa tayala lomaliza.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili pa chiwongolero
sindinafunsepo komwe madzi anga amapita.
Botolo la usiku ndinkaliponya pawindo
galimoto ili pa liwiro,
likagwere anthu omwe sindidzawaona nkhope.
Wapaulendo alibe dzala.
Dzala lake ndi khomo la wina.

Koma matayala akaima, maso amayamba kuyenda.

Tsiku lachitatu Zikani anakhuthula beseni m'ngalande:
thovu la sopo, mafuta a m'poto, mitu ya usipa,
girizi wa m'zikhadabo zanga.
Ndinaliperekeza thovulo ndi maso, poti ndinalibe kopita.
Linatsetsereka, n'kukhota pa kalavati,
linapumako pa jumbo yakuda,
kenako ulendo wa kudambo
komwe mayi wa juzi yofiira amatunga
pa chitsime chosafika n'komwe m'chiuno.

Ndi yemwe uja, NyaChavula,
amene m'mawa uliwonse amatigulitsa mpiru,
basera pamwamba,
n'kumati, "Mwawuka uli, adada?"
Usiku umenewo ndiwo zinandiima pakhosi.

M'mawa mwake ndinabwereka khasu kwa mlonda wa pa geti.
Mapazi makumi asanu ndi awiri kuchoka pa ngalande, kumtunda,
pomwe katondo amamwa mosafulumira,
ndinakumba mpaka m'bondo.
Pansi miyala, pamwamba makala otsala m'mbaula.
Zikani anaseka: "Abwana, ndi maziko? Tikukhazikika?"
Ndinamupatsa thumba la anyezi likhale sefa:
nyenyeswa m'jumbo, madzi okha m'dzenje,
ndipo pang'onopang'ono, ngati ukuthirira mbande.

Oyilo wakuda sitinaipatse nthaka.
Tinamutsekera m'chigubu,
kalipentala wa ku Nkhorongo anadzamutenga
akapake mitengo ya denga, chiswe chikadyere kwina.
Botolo la usiku ndimalinyamula m'bandakucha
m'kati mwa jekete, lofunda ngati kamwana,
mpaka ku chimbudzi cholipira cha pamsika.
Wolandira ndalama anasiya kundifunsa.
Manyazi amalemera kuposa malita awiri,
koma ndimabwerako wopepuka.

Mvula ya kuno sidziwa kalendala.
Imawaza ngati munthu wolankhula yekha,
ndipo chilichonse wasiya kumtunda imatenga
kukapereka kumunsi, osatchula wotumiza.
Ikagogoda padenga ndimadzuka,
tochi kukamwa, kukaona ngati dzenje ladzaza.
Kawiri linasefukira. Sindinama.
Ndinakumba lina.

Lero chitsulo chafika pa basi ya usiku,
chokulungidwa m'makatoni.
Makaniko ali chagada pansi, akutukwana mabawuti.
Ine ndakwirira maenje onse awiri, ndapondaponda,
ndabweza khasu, ndasiyira mlonda sopo wotsala.
NyaChavula sakudziwa kanthu,
ndipo sindimuuza. Ndingayambire pati,
pa masiku atatu oyamba aja?
Ndangogula mitolo iwiri, basera ndakana.
Iye wandiyang'ana ngati ndadwala.

Kutsogolo kuli Ekwendeni, Chiweta, Karonga, malire.
Zikani wamangirira chigubu chopanda kanthu kuseri kwa mpando,
chotsekera chake wachimanga ndi waya kuti chisasowe.
Windo la mbali yanga lili ndi vuto lake,
limatsika lokha pa mabampu.
Dzanja langa nalo lili ndi chizolowezi chake,
zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi si dzulo.

Tikaona potsika Chiweta,
usiku, popanda wondiona.