Lamya ya M'nyumba ya Manijala

Anabwera nayo m'thumba la feteleza a Mukhito,
chiperoni chikuwaza pa Chitakale,
naitula pa benchi langa, pakati pa matchaja ndi mabatire otupa.
"Taipeza kudenga, tikusasula malata kuesiteti.
Ndi sikelo kodi? Kapena wailesi?
Ngati muli mkuwa m'katimu, tigawana."

Ine ndimakonza mafoni opyapyala ngati bisiketi.
Ichi chinali cholemera ngati njerwa ziwiri zonyowa,
chakuda bii, chovala fumbi la zaka zomwe sindinazione.

Ndinachigoneka chagada ngati fulu.
Pansi pake dzimbiri, pansi pa dzimbiri zilembo.
Malovu pachala, kupukuta, kupukutanso,
chaka chinatuluka monyinyirika: 1938.
Gudumu la manambala palibe,
pambali pali chopukusa ngati cha makina osokera.
Ndinakhutiza nsalu pakona mpaka kufunda, n'kununkhiza:
fungo la m'chipatala.
Si pulasitiki wathu wa mabigiri uyu,
ndi uja wakale wosadziwa kusungunuka,
amene akagwa amangosweka ngati mbiya.

"Ndi lamya," ndinatero,
ndipo kukhosi kunauma gwa.

Mayi anga, Esinala, anaipukuta lamya m'nyumba imeneyo
zaka khumi ndi zinayi, m'mawa uliwonse,
pansi pasanapakidwe polishi.
Lamulo linali limodzi:
ikalira usaikhudze, thamanga ukaitane dona.
Kulira kwake anabwera nako kunyumba pa lilime,
ngiriii, ngiriii,
kutidzutsa nako tikachedwa kusukulu.

Masikuluwu anayi anagona m'parafini usiku wonse,
m'mawa anavomera.
M'katimo mavu anali atamanga mudzi wadothi,
mphemvu zinasiya makoko a mazira,
ndipo nalimata wouma anali atakumbatira waya
ngati anafa akumvetsera.
Ndinasesa ndi nthenga ya nkhuku.
Mswachi wakale, thovu la sopo pang'ono,
madzi ayi, madzi ndi mdani m'katimu.
Mabelu awiri ndinawasambitsa ndimu ndi phulusa
mpaka nkhope yanga inaonekamo, yopindika.

Chinandichedwetsa ndi poyankhulira.
Timabowo makumi atatu, kalikonse kotsekeka.
Thonje kunsonga ya machesi, kabowo kamodzikamodzi,
ndikutulutsa malovu ouma a mabwana,
makilo a tiyi, malipiro odulidwa,
mayina a ochotsedwa ntchito Lachisanu.
Ndinafufuza kabowo komwe mukanadutsa mawu oitana galimoto
usiku uja Layisoni wathu anatentha thupi,
mayi atam'bereka, wapansi mpaka ku Boma,
nabwerera m'mawa nsalu ili m'manja.
Kabowo kameneko kanali koyera kale.

Kadontho ka mafuta a makina pa mano a gudumu,
vaselini pang'ono pansalu, thupi lonse linanyezimira.
Ndinapukusa.
Magetsi anandiluma zala,
mabelu nafuula ngati mwana wobadwa kumene.
Kondakitala anasiya kuitanira a ku Limbe,
mayi wa nanazi anagwira pamtima.

A Mukhito anafunsanso za mkuwa.
Ndinawawerengera ndalama ya mkuwa, n'kuonjeza ya kabaza.

Loweruka ndinapita nayo ku Nkando, pamiyendo, m'minibasi.
Mayi anali pakhonde, akusankha nandolo.
Ndinaiika pampando, chingwe chake chikulendewera,
chosalumikizika kulikonse.
Anaiyang'ana nthawi yaitali.
Anapukuta manja pachitenje,
nacheukira kuchitseko, ngati wina atulukira.

"Nyamulani, mayi. Ndi yanu."
Ananyamula ndi manja awiri.
"Ndiyankhule mbali iti?"
Ndinawaonetsa.
Anaika kukhutu, namvetsera kachetechete wa m'menemo,
phiri lili kumbuyo kwawo, litafunda mtambo.
Sananene kanthu.

Pobwezera, chala chawo chinalowa pansi pa chogonekera,
pamalo pomwe ine sindinadziwe kuti pali malo,
chinatuluka chakuda.
"Apa," anatero, "sunapukute."