Tsamba 213

Fakitale ya magalasi itatseka mu Novembala
anatipatsa envelopu, natigwira chanza.
Ndinatuluka ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi,
manja ozolowera ng'anjo,
mutu umene unatsanzikana ndi masamu kalekale.
Wina anati ku famase akufuna othandiza,
bola ukhoze mayeso, upeze pepala.

Ndiye ndinaima m'sitolo ya mabuku, kuno ku Toledo,
chipale chofewa chikusungunuka pa nsapato,
mabuku atatu m'manja.

Loyamba latsopano, lonunkha guluu,
madola makumi asanu ndi limodzi,
ndalama yotenthetsera nyumba masabata awiri.
Lachiwiri lopyapyala, likulumbira pachikuto
kuti ndikhoza m'masiku khumi.
Olonjeza msanga ndimawadziwa,
mmodzi ndinakhala naye pabanja.

Lachitatu madola anayi basi.
Ngodya zopindika, banga la khofi,
mkati dzina la inki yobiriwira: Priscilla Nowicki.

Priscilla ankalemba m'mphepete.
Pa wafarini: "amalume Stan asamwe limodzi ndi asipirini."
Pa masamu a madontho: "bwerezanso, chitsiru iwe,"
m'munsi mwake, tsiku lina, zilembo zikuluzikulu: "ndamva tsopano!"
Ankadula mzere pansi pa timawu ta Chilatini
timene madokotala amalemba ngati akuthamangitsidwa.
Koma pa tsamba 212 inki inalekeza.
Kuchoka apo mapepala ali mbuu, osakhudzidwa.
Kodi anakhoza, zotsalazo osazifunanso?
Kapena mwana anadwala, kapena ntchito ya usiku inamumeza?
Ndinavundukula mpaka kuchikuto. Zii.

Ndinalipira madola anayiwo, ndinapita nalo kwa a Haddad
amene awerengera bambo anga mapiritsi zaka khumi ndi ziwiri.
Zolemba za Priscilla sanaziyang'ane n'komwe.
Chala chawo chinagwera pa chaka.
"Ili lakalamba, Jolene. Malamulo anasintha,
mankhwala ena muno sitigulitsanso.
Mayeso safunsa za dzana."
Anang'amba kapepala ka lisiti, nalemba 1.0, nalembanso 10.
"Kadontho aka kakasowa, munthu sadzuka.
Ugule lililonse, koma likuphunzitse kukaopa."

Ndinabwerera, ndinagula latsopano lija.
M'nyumba muzizira, tivala majuzi awiriawiri.
Mwana wanga Kelsey wandiikira mafunso pa foni,
imalira ngati belu ndikalakwa,
ndipo ndimalakwira m'basi, anthu n'kumacheuka.

Usiku bambo akagona ndimandandalika mabotolo awo patebulo.
Metifomini wa shuga.
Lisinopirilo wa kuthamanga kwa magazi.
Kakang'ono koyera kophwetsa miyendo,
dzina lake limandipulumukabe.
Zaka zonsezi ndinkangoti aka m'mawa, aka madzulo,
ngati anansi amene umawapatsa moni pa mpanda
osawafunsa kuti ndinu yani.
Lero ndikuwaitana maina.

Mamiligalamu 250 m'mamililita asanu,
mwana wa eni akufunika 150.
Ndimalemba, ndimafufuta, pepala mpaka kubooka.
Atatu.
Ndimawerengeranso, poti ndi mwana wa eni.
Atatu ndithu.

La Priscilla sindinalitaye.
Limakhala pambali, lotsegula,
ndi chaka chake chakale, ndi malamulo ake otha ntchito.
Mayankho ndimatenga m'latsopano,
koma latsopanolo silinatopepo, silinadzitukwanepo.
Maso akalemera ndimapeza paja pali "chitsiru iwe"
n'kuseka ndekha m'khitchini, firiji ikung'ung'udza.

Dzulo ndafika pa mutu umene iye anaimira,
za mankhwala osungidwa ndi loko
ndi amene ali ndi chilolezo chogwira kiyi.
Siwovuta kuposa enawo.
Ndinakhala kanthawi, tiyi n'kuzizira.
Kenako ndinatenga cholembera changa chakuda,
pa tsamba 213 ndinalemba tsiku,
ndi kuti kunja chipale chikugwabe,
ndi kuti bambo atsokomola kawiri n'kugonanso,
ndi kuti mayeso ali pa 9 Epulo, naini koloko m'mawa,
basi yake ndi ya seveni.