Timabotolo Tiwiri Pawindo

Njere zonse zinachoka m'jamu mmodzi.
Ndinamufinya ndekha pa nyuzipepala yakale ku Msekera,
tinjere tikukanirira ku zala ngati mazira a nsomba.
Theka tinakafesa m'phiri la Kanjala,
pa katondo wowotcha mapazi mu Okutobala.
Theka linatsikira kudimba, m'mbali mwa Lutembwe,
kumene dothi ndi lakuda
ndipo mame amachedwa kuchoka.

Lero pawindo pali timabotolo tiwiri.
Mafuta a kuphiri ndi ochepa, ofiirira,
ukapendeketsa botolo amatsika mozengereza
ngati munthu woitanidwa ku mlandu.
A kudimba ndi ambiri, oyera mbee, othamanga,
fungo lake lakutali.

A Daka anasuzumira pa makina, nakanda ndevu:
"Ndi majini amenewa."
Amayi nditawauza pafoni anakuwa,
ati ndisiye ntchito lero lomwe,
abusa abwere adzapemphere.
Ndinaseka mpaka mayunitsi anatha.

Si oyenda usiku aja, amayi.
Awa ndi malemba opindidwa m'kati mwa njere,
nyumba ya zipinda zambirimbiri,
koma mbewu siyatsa nyale zonse usiku umodzi.
Ludzu likagogoda, chipinda china chimawala.
Chisanu cha mu Juni chikalowa pansi pa chitseko,
wina amadzuka kukasonkha moto.
Kumene madzi sasowa
ambiri amangogona, osatembenuka n'komwe,
mpaka chipatso kupsa m'kathumba kake.

Izi sindinawauze.
Ndinaganiza za Tilabilenji,
amene tinagona mimba imodzi, miyezi yomweyo.
Iye azakhali anamutenga ku Kitwe tisanagweruke mano,
ine ndinatsala ku Chiparamba
ndi chidebe pamutu, ming'alu ku zidendene.
Pa maliro a atate
misozi yake inatsika yambiri, yoyera, yothamanga,
anthu anamugwira mapewa.
Wanga unali umodzi.
Unatenga tsiku lonse kuti ufike pachibwano,
ndipo ena ananong'ona kuti mtima wanga ndi mwala.

Kodi m'nyumba yanga
zipinda zingati zikadali mumdima?
Nanga mwa iye ndani sanadzutsidwepo?

Fomu ya boma ili ndi mizere yake:
kulemera, mtundu, asidi, tsiku lokolola.
Ndadzaza yonse ndi cholembera chobwereka.
A Daka akufunsa ali pakhomo, makiyi m'manja,
"Nanga abwino ndi ati, tiwauze chiyani alimi?"
Ndati tidikire mvula ina.

Atapita ndasenda jamu awiri otsala m'mbale.
Wakudimba wadzaza kamwa ndi madzi, wapita.
Wakuphiri ndi kakang'ono, khungu lolimba,
wawasa mpaka m'makutu,
kenaka kutsekemera kwabwera mochedwa
ndili kale pa njinga,
ndikudutsa pa Kapata, magetsi atazima.