Pulagi Yachinayi

Yazimanso pa kamtunda ka pa Mimosa.
Yatsokomola kawiri, n'kukhala chete.
Mayi ndinawanyamula ndi dengu la nanazi aja
atsika osanena kanthu,
akwera ya mnzanga,
ine ndikuponda kiki ngati ndikupha njoka.

Sipanala ndayamba kuyenda nayo ngati foni.
Ndamasula pulagi, ikuotcha,
ndikuiponya dzanja ili, dzanja ili.
Yakuda bii, ngati kunsi kwa ketulo.
Yachinayi mwezi uno.

Yoyamba ndinati ndi zotchipa za pamsika.
Yachiwiri ndinanamizira petulo wa m'mabotolo
amene amaoloka Muloza anthu atagona.
Pa yachitatu ndinayamba kuyang'ana anthu:
Muhiwa anasisita thanki yanga Lolemba lina,
akuseka, akuti koma ndiye ikuwala.
Sabata yathunthu sindinam'patse moni.

Ndaikankha mpaka pa Limbuli,
chiperoni chikuwaza, phiri osaoneka n'komwe,
mpaka kwa Khoviwa, pa shedi ya malata atatu.
Iyeyu nkhani sakonda.
Watenga pulagi, wainunkhiza,
waipaka pachala, n'kuyang'anitsitsa chalacho.

"Mwaye wouma," akutero.
"Ukanakhala wonyowa ndi oyilo
ndikanati kagulitse mbuzi, maring'i atha.
Utsi ukumatuluka wotani?"
Wakuda.
"Ndiye ikudya kwambiri. Kupuma ndiye ayi."

Wagunditsa pulagi yatsopano kuchitsulo, ine ndaponda:
kamoto kabuluu, the-the-the.
Koyilo ilibe mlandu.
Choki ili pamalo pake.
Wamasula kabuleta, wauzira jeti,
waikweza kumwamba, diso limodzi atatsinzina,
kuwala kukudutsa bwinobwino pa kabowo.
Wakanda m'mutu ndi msomali.
"Tachotsa mpando."

Ndazengereza.
Pansi pa mpandopo ndi pomwe ndimabisa kabuku
ka banki m'khonde,
ka ngongole ya njinga yomweyi,
kokulunga m'majumbo awiri kuopa mvula,
kuopanso maso a make Esinati,
amene ndinawauza kuti kwatsala miyezi iwiri
pomwe kwatsala isanu ndi umodzi.

Jumbo ija inali itatsetsereka,
itamatirira pakamwa polowera mpweya.
Ndikati ndikoke moto pamtunda
injini imaiyamwa,
n'kudzitseka yokha mphuno.

Khoviwa waikoka ndi zala ziwiri
ngati akuchotsa khoswe pamsampha.
Kabukuko sanatsegule. Wangondipatsira,
maso ali kwina.
Fyuluta waichapa m'chitini,
dothi lofiira la m'misewu ya m'tiyi likutsikira pansi,
waifinya, waibwezera.

Kiki imodzi.
Yalira mosalala, yopanda manyazi,
ngati si yomwe yandithawitsira makasitomala mwezi wonse.

Zingati?
"Za pulagi basi.
Zinazo ukapereke kumene ukudziwako."

Mapulagi anayi aja wandibwezera m'manja,
akuti ndikawapale ndi waya, adakali moyo.
Akulira m'thumba ngati tchenji.
Kabuku ndakalowetsa m'malaya,
ngodya yake ikundilasa nthiti pa bampu iliyonse,
ndipo kunyumba kuli funso
limene lero ndiliyankha ndisanafunsidwe,
kapena mawa.

Pa siteji Muhiwa akutafuna chinangwa chootcha,
chipewa chachitsulo chili pabondo.
Ndaimika pafupi naye, injini osazimitsa,
kuti aimve kaye.
Wanyema chinangwa pakati.
Ine ndikufunafuna poyambira moni.