Mphesa za Nevzat

Chaka chatha Nevzat anagona masiku atatu pa Kapıkule,
lole itazima, mphesa zikuchucha kumbuyo.
Fomu inali itasintha Lolemba.
Palibe amene anamuuza.
Wakasitomu anangoloza pepala
lomatidwa kuseri kwa chitseko,
zilembo zake ngati nyerere.
Phindu anadya ndi mavu.

Lero mwana wake Gülizar, ali kukhitchini ku Manisa,
waona pafoni msonkho ndi zikalata zofunika,
wadzaza zonse tiyi asanazizire.
Nambala yafika pachipata lole ikadali m'njira.

Nevzat wanyamulabe bulangete
ndi buledi wa masiku atatu.
Mlonda wasuzumira pakompyuta,
wakweza dzanja: pitani.

Wawoloka dzuwa lisanapendeke,
mphesa zikadali zozizira.
Buledi uja ali pampando,
sakudziwa achita naye chiyani.