Njira ya ku Makanjira

Titadutsa Malindi, phula linatithawa.
Galimoto inayamba kudumphadumpha,
mapoto kumbuyo akukangana ndi zikhomo za hema.

"Tafika?" Upile anafunsa kachisanu ndi chiwiri.
Sigele sanafunse kanthu,
ankawerenga milambe ndi zala;
zake zitatha anabwereka za mlongo wake.

Cha ku Lungwena tayala linaphulika.
Bambo awo analowa kunsi kwa galimoto,
kunja kunatsala mapazi okha ndi madandaulo.
Mnyamata woweta mbuzi anatilozera chulu,
akuti netiweki imagwira pamwamba pake.
Sindinakwerepo.

Tinamanga hema pompo, m'tchire.
Mzati umodzi tinauiwala kuseri kwa chitseko kwathu,
nsungwi yokhota inaugwirira ntchito.
Chinangwa chinapserera mbali imodzi,
tiyi ankanunkha utsi.

Pakati pa usiku fisi analira kuphiri.
Upile anandikoka chitenje:
"Amayi, akuseka ife?"
"Akuseka hema wathu wopendamayu."
Anaseka naye, mpaka tulo.

Kutacha, Sigele anapeza mapazi a nkhanga pafumbi,
awiriwo n'kuwalondola chowerama,
mame ali m'miyendo.

Makanjira anali akadali kutali.
Palibe anafunsanso ngati tafika.