Funso la Mpunga Wachikasu

Laibulale yathu pa Benga
kale inali mosungira makasu,
fungo la feteleza silinachokemo mpaka lero.
Miyendo ya mashelefu inkaima m'zitini za oilo wakuda
kuti chiswe chisakwere kukadya jogalafe.

Ndinalowamo Lachitatu, matope m'zidendene,
ndi funso limodzi lokha:
bwanji mpunga wa bambo kudambo
ukuchita chikasu, chikhalirecho mvula ikugwa?

Mayi Chikadza sanayankhe.
Anakweza magalasi awo omanga ndi ulusi
nandifunsa ine wofunsa:
"Chikasucho chayambira masamba okhwima kapena anthete?"
Sindinkadziwa.
"Ndiye pita ukaone. Mabuku sathawa."

Ndinatuluka ndikung'ung'udza.
Aphunzitsi enieni amalemba pabolodi, ife n'kukopera;
awa angondibwezera funso ngati chenji.

Nditabwerako ndi masamba asanu m'pepala la shuga
anandiyalira patebulo
buku la zaulimi lopanda chikuto,
kapepala ka alangizi ka chaka chomwe ndinabadwa,
ndi nyuzipepala imene wina anakulungiramo mandasi,
mafuta atadontha pandime yomwe ndinkaifunayo.

Buku linati nthaka yaguga.
Kapepala kanati madzi osayenda.
Ndinati, "Nanga wonama ndani?"
Anaseka mpaka kutsokomola:
"Eya, wayamba kuwerenga tsopano."

Milungu itatu ndinkayeza ndi chingwe cha mlaza,
ndime ino manyowa, ndime iyo ngalande,
ina ndinaisiya dala kuti ivutike.
Bambo ankati sukulu yandizunguza mutu,
koma mapazi awo ndinkawapeza m'mizere
m'mamawa, mame asanaume.

Zomwe ndinapeza ndinazilemba m'kope la masamba makumi anayi,
ndikudikira cholembera chofiira.
Iwo anangotenga guluu,
namata nambala pamsana pake,
nalilowetsa pashelefu
pakati pa mabuku a anthu amene sanapondepo pa Benga.
Dzina langa lokhotakhota linaima nawo phewa ndi phewa.

Chaka chatha ndinapatukirako, ndili panjinga ya kuntchito.
Mayi Chikadza anapuma,
akuti ali kwawo ku Mwansambo, maso achita nkhungu.
Zitini zija zilipobe.
Kope langa lilipo, lada m'makona ndi zala za eni.
Patsamba lachisanu ndi chiwiri wina analemba ndi pensulo:
"Si zoona. Kwathu tinayesa, vuto ndi mchenga.
Tayamika, Fomu 2."

Ndinakhala pabenchi, mawondo akugunda tebulo.
Kamtima kanayamba kaye kawawa,
kenako phwete, ndekhandekha.
Ndinabwereka pensulo kwa mnyamata wapambali
n'kulemba mmunsi mwake:
"Mchenga wake wotani? Pita ukaone."